Mwini filimu akakhala mkazi: mbiri ya akatswiri a mafilimu a karate

Kodi munalowapo m'kanyumba koonetsera mafilimu pamsika, kaya ku Ulongwe, ku Domwe, kapena kutsidya ku Dedza? Mumalipira pakhomo, n'kukhala pa benchi mumdima. Pa kanema anthu akumenyana, akulumpha madenga, malupanga akuthwanima. Zinthu zikafika povuta, wina kumbuyo amafuula kuti, "Musade nkhawa, mwini filimu safa!"

Tikati mwini filimu, ambiri timaganiza za Bruce Lee, Jackie Chan kapena Jet Li. Maina awo ngakhale ana amawadziwa. Koma takumbukirani bwino. M'mafilimu ena mwini filimu anali mkazi. Ankagwetsa yekha amuna khumi. Ife tinkangoti "mkazi uja wa karate", dzina osalidziwa.

Akazi amenewa ali ndi maina, ndipo imeneyi inali nchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Nkhani ino ikuuzani kumene anaphunzira luso lawo, mmene ankagwirira nchito, ndi kumene moyo unawafikitsa. Maina awo ndi acilendo. Musathamange, awerengeni pang'onopang'ono.

Karate ndi kung fu: kodi n'zimodzi?

Kwathu kuno zonse timangoti karate. Koma eni ake amazisiyanitsa. Karate ndi ya ku Japan. Kung fu ndi ya ku China. Taekwondo ndi hapkido ndi za ku Korea. Iliyonse ili ndi aphunzitsi ake ndi malamulo ake.

Mafilimu ambiri akale amene timati a karate ndi ocokera kwa anthu a ku China. Alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa malupanga. Nkhani zake ndi za makedzana. Anthu amavala mikanjo yaitali ndipo amalumpha ngati akuuluka. Eni ake amauchula kuti wuxia. Mtundu waciwiri ndi womenyana ndi manja ndi mapazi, wopanda zida zambiri. Umenewu ndiye wa kung fu, umene Bruce Lee anachuka nawo.

Kumene ankapangidwa

Ambiri mwa mafilimuwa ankapangidwa ku Hong Kong ndi ku Taiwan. Hong Kong ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja, kumwera kwa China. Unkalamulidwa ndi dziko la Britain mpaka 1997. Pafupi pake pali mzinda wa Macau. Kumeneko Apwitikizi, omwe aja analinso kuno, analamulira mpaka 1999.

Makampani akuluakulu anali awiri. Yoyamba ndi Shaw Brothers. Inali ndi malo aakulu okhala ndi midzi yongomangira filimu, milatho, nyumba za mafumu, ngakhale nyumba zogona anchito. Wosewera ankasaina pangano la zaka zingapo, n'kumalandira malipiro a pamwezi ngati wanchito wina aliyense. Filimu ikayenda malonda, phindu lalikulu linkapita kwa eni kampani. Yaciwiri ndi Golden Harvest. Inayamba mu 1970, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa anali Raymond Chow, amene poyamba ankagwira nchito ku Shaw Brothers.

Paja mumaona kuti milomo ya osewera sigwirizana ndi mawu? Cifukwa cake n'cakuti mafilimuwa ankajambulidwa opanda mawu. Mawu ankaikidwa pambuyo, m'zilankhulo zosiyanasiyana, malinga ndi kumene filimu ikukagulitsidwa. Conco anyamata a ku Malawi amene amamasulira mafilimu m'Cicewa akupitiriza nchito imene inayamba kalekale.

Akazi analipo kuyambira paciyambi

Mwina mukuganiza kuti amuna ndiwo anayamba, akazi n'kubwera pambuyo. Iyayi. Mafilimu a malupanga anayamba mumzinda wa Shanghai m'zaka za m'ma 1920, nthawi imene mafilimu anali opanda mawu komanso opanda mitundu. Kuyambira nthawi yomweyo akazi anali kale ndi lupanga m'manja.

Filimu ina ya nthawi imeneyo ikalipo mpaka lero. Dzina lake ndi Red Heroine, ya mu 1929, ndipo mwini filimu ndi Fan Xuepeng. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene asilikali anaukira mudzi wake, agogo ake n'kufa. Iye anakaphunzira kumenyana kwa nkhalamba ina, kenako anabwerera kudzalanga adaniwo.

Wina wa nthawi yomweyo ndi Chin Tsi-ang, wobadwa mu 1909. Ngati mumamudziwa Sammo Hung, wonenepa uja koma wopepuka thupi, dziwani kuti mayi ameneyu ndi agogo ake. Anapitiriza kuoneka m'mafilimu mpaka ukalamba, ndipo anamwalira mu 2007.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 boma la China linaletsa mafilimu a mtundu umenewu. Linkati amasokoneza anthu mitu ndi nkhani za matsenga. Patapita nthawi, nchitoyi inadzukanso ku Hong Kong. Kumeneko, mpaka m'ma 1960, osewera ochuka kwambiri anali akazi. Nthawi zina mkazi ankasewera ngakhale mbali ya mwamuna, anthu n'kumakondwera nazo.

M'mera mpoyamba

Nanga luso limeneli ankalitenga kuti? Panali njira ziwiri zazikulu.

Njira yoyamba inali sukulu za zisudzo za makolo a ku China, zochedwa opera. M'zisudzo zimenezi muli kuimba, kuvina ndi kumenyana. Mwana ankalowa ali wamng'ono, n'kumagonera komweko. M'mamawa ankawongola miyendo, kuima cadodolido, kudzigudubuza m'malere, ndi kuphunzira kugwira mkondo ndi lupanga. Aphunzitsi anali aukali, ndipo ndodo sinkakhala patali. Jackie Chan ndi Sammo Hung anadzera m'sukulu yotere. M'zisudzozi muli mbali yakeyake ya mkazi wankhondo, yochedwa daomadan, kutanthauza mkazi wa lupanga ndi kavalo.

Njira yaciwiri inali kuvina. Atsikana ena anayamba ndi ballet, gule wa ku Ulaya amene amavina ataimira nsonga za zala za kumapazi.

Mwina mukudabwa kuti kuvina kukugwirizana bwanji ndi ndewu. Taganizani za ngoma, gule wa Angoni. Wovina amanyamula cishango ndi cibonga. Amaponda pansi mwamphamvu ngati ali kunkhondo. Koma mnzake savulala, cifukwa aliyense amadziwa poponda ndi nthawi yopondera. Ndewu ya mu filimu ndi conconso. Pamakhala mphunzitsi amene amakonza zonse: iwe umenya apa, uyu azinda, wina agwera uko. Amabwereza mpaka thupi litaloweza, kenako n'kujambula. Mayi wodziwa cintali angamve msanga zimenezi. Mukasemphana ndi ng'oma pang'ono pokha, gule waonongeka. Mu filimu mukasemphana pang'ono pokha, cibakera cimafika pamphuno zenizeni.

Cheng Pei-pei: mfumukazi ya malupanga

Cheng Pei-pei anabadwa mu 1946 ku Shanghai. Ali mwana anaphunzira ballet. Atasamukira ku Hong Kong, analowa nchito ku Shaw Brothers.

Wotsogolera mafilimu wina, King Hu, ankafuna munthu amene thupi lake limamva ng'oma. Anasankha Cheng cifukwa ca kuvina kwake. Filimu yawo, Come Drink with Me, inatuluka mu 1966, iye ali ndi zaka 20.

M'filimuyo, zigawenga zagwira mwana wamwamuna wa bwanamkubwa. Mlongo wake, wochedwa Golden Swallow, kutanthauza namzeze wagolide, wavala ngati mwamuna kupita kukamupulumutsa. Akulowa m'nyumba ya alendo, n'kukhala pa tebulo yekha. Zigawenga zamuzungulira. Zikumuyesa pomuponyera mtsuko, benchi ndi ndalama zacitsulo. Iye ali phee, akungoyendetsa maso. Ndewu ikayamba, akutulutsa timalupanga tiwiri tatifupi. Anthu opanga mafilimu amaphunzirabe gawo limeneli mpaka lero.

Cheng anasewera mafilimu ambiri a malupanga, monga Golden Swallow ya mu 1968 ndi The Lady Hermit ya mu 1971. Anthu anamupatsa dzina loti mfumukazi ya malupanga. Ali pacimake peniceni, anakwatiwa n'kusamukira ku America. Kumeneko analera ana anayi. Ukwati utatha, anabwerera ku nchito yake yakale. Tikumananayenso kutsogoloku.

Angela Mao: mlongo wake wa Bruce Lee mu filimu

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mphepo inasintha. Wotsogolera mafilimu wina wa ku Shaw Brothers, Chang Cheh, ankafuna kuti amuna ndiwo azikhala patsogolo. Filimu yake ya mu 1967, One-Armed Swordsman, yonena za munthu wa dzanja limodzi, inapanga ndalama zambiri. Kenako mu 1971 kunabwera Bruce Lee ndi The Big Boss. Makampani anaona kumene ndalama zili, ndipo malo a akazi anayamba kucepa.

Nthawi yovuta yomweyo ndi imene Angela Mao anatulukira. Anabadwa mu 1950 ku Taiwan. Bambo ake anali a zisudzo za opera, ndipo iye analowa sukulu ya zisudzozo ali kamwana. Anakula akuphunzira mbali ya mkazi wankhondo. Golden Harvest itangoyamba, inamulemba nchito.

Mu 1972 anasewera mafilimu awiri amene anamuchukitsa: Lady Whirlwind ndi Hapkido. Pokonzekera Hapkido anaphunzira kwa katswiri wa ku Korea, Ji Han-jae, amenenso akuoneka m'filimuyo. Nkhani yake ndi ya ophunzira atatu amene abwerera kwawo ku China kukatsegula sukulu. Mphunzitsi wawo anawalangiza kuti azipirira, asamafulumire kubwezera. Koma a sukulu ina akuwaputa tsiku ndi tsiku. Anzake awiri aja atagonjetsedwa, mtsikanayo ndiye akutsala kuti amalize nkhaniyo. Mafilimu awiriwa anakaonetsedwanso ku America mu 1973, ndipo anthu anakhamukira kukawaonera.

Ngati munaonera Enter the Dragon ya mu 1973, ndiye kuti Angela Mao munamuona. Ndi mtsikana uja, mlongo wake wa Bruce Lee m'nkhaniyo, amene akuthamangitsidwa ndi gulu la amuna m'tinjira ta m'mbali mwa nyanja, iye akuwagwetsa mmodzimmodzi. Akuoneka mphindi zocepa cabe, koma amene anaonera samuiwala.

Anasiya mafilimu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti asamale banja lake. Anasamukira ku New York, kumene iye ndi abale ake anatsegula malo odyera m'dera la Queens. Anthu ambiri ankadya pamenepo osadziwa kuti mayi amene akuyendetsa malowo ndi katswiri uja.

Hsu Feng: kucoka pa wosewera kufika pa bwana

Hsu Feng, amene dzina lake limamveka ngati Shu Feng, anabadwa mu 1950 ku Taiwan. Nayenso anagwira nchito ndi King Hu. Filimu yawo yaikulu ndi A Touch of Zen, imene inalandira mphoto mu 1975 pa cionetsero ca mafilimu ca ku Cannes, m'dziko la France. Muli ndewu yochuka ya m'nkhalango ya nsungwi, imene mafilimu ambiri atengera.

Atakwatiwa anasiya kusewera, koma mafilimu sanawataye. Anakhala mwini kampani yopanga mafilimu, wosankha nkhani ndi wolemba anthu nchito. Filimu imene anapanga, Farewell My Concubine, inapata mphoto yaikulu kwambiri ya ku Cannes mu 1993.

Kara Hui: azakhali aang'ono

Kara Hui, amene ena amamulemba kuti Kara Wai, anabadwa mu 1960. Kwawo kunali umphawi wadzaoneni. Ali mwana ankagulitsa tinthu ting'onoting'ono m'misewu ya ku Hong Kong, m'dera la Wan Chai, kuti kunyumba adye. Atasinkhuka anayamba kuvina magule a ku China pamalo ena a zisangalalo. Kumeneko ndi kumene a mafilimu anamuona. Ku Shaw Brothers anagwira nchito ndi Lau Kar-leung, mphunzitsi weniweni wa kung fu.

Filimu yawo ya mu 1981, My Young Auntie, ingakusangalatseni, cifukwa nkhani yake ndi yodziwika kwathu kuno. Mkulu wina wacuma akudwala. Akuopa kuti akafa, m'bale wake wadyera alanda zonse. Ndiye akukwatira mtsikana wokhulupirika, n'kumutuma kuti akapereke makalata a cuma kwa mwana wa m'bale wake wina, munthu wabwino. Munthuyo ndi bambo wamkulu kale, koma mwambo ukumukakamiza kulemekeza kamtsikanako ngati kholo lake. Paja nafenso timadziwa kuti azakhali ndi azakhali, ngakhale atacepa msinkhu. Muli nthabwala zambiri, mulinso ndewu yolimbirana cuma ca masiye.

Mu 1982 ku Hong Kong kunayamba mphoto za caka ndi caka za mafilimu. Woyamba kulandira mphoto ya mkazi wosewera bwino koposa anali Kara Hui, cifukwa ca filimu imeneyi.

Koma m'ma 1990 nchito inayamba kusowa. Makampani ankamuona ngati womenya basi, ndipo ankafuna nkhope zatsopano. Iye wakhala akunena poyera kuti nthawi imeneyo anadwala matenda a nkhawa. Atacira anayambiranso pansi, kulandira timbali ting'onoting'ono. Kenako anayamba kusewera ngati mayi wa ana, m'mafilimu opanda ndewu. Mphoto ija anailandiranso mu 2010, ndiponso kacitatu mu 2017.

Michelle Yeoh ndi Cynthia Rothrock: apolisi awiri

M'ma 1980 mafilimu anavula mikanjo yamakedzana. Nkhani zinasamukira m'tauni, kwa apolisi ndi mbava. Mu 1985 kunatuluka Yes, Madam!, ya apolisi awiri aakazi. Onse awiri anachuka nayo.

Woyamba ndi Michelle Yeoh. Dzina lomalizali limamveka ngati Yo. Anabadwa mu 1962 ku Ipoh, m'dziko la Malaysia. Ankafuna kudzakhala wovina ballet, ndipo anakaphunzira ku London. Kumeneko anavulala msana, maloto aja n'kuthera pomwepo. Mu 1983 anapambana mpikisano wa akazi okongola m'dziko lake, ndipo zitatero anaitanidwa ku Hong Kong. Sanakule akuphunzira kung fu. Anacita kuphunzira ali wamkulu, pamodzi ndi anyamata ocita zoopsa m'mafilimu.

Waciwiri ndi Cynthia Rothrock, mzungu wa tsitsi loyera uja. Anabadwa mu 1957 ku America. Iyeyu njira yake inali yosiyana. Asanalowe m'mafilimu anali kale katswiri wa mipikisano, ndipo kuyambira 1981 mpaka 1985 anapambana zaka zisanu zotsatizana pa mpikisano woonetsa luso la manja ndi la zida. Pambuyo pa Hong Kong anabwerera kwawo. Mafilimu ake monga China O'Brien ndi Lady Dragon anayenda maiko ambiri pa matepi a vidiyo.

Michelle Yeoh atakwatiwa mu 1988 anasiya nchito. Ukwati utatha, anabwerera mu 1992 ndi Police Story 3: Supercop, pamodzi ndi Jackie Chan. M'filimu imeneyo analumpha ndi njinga yamoto n'kutera pamwamba pa sitima ikuyenda. Anacita yekha, popanda womulowera m'malo. Mu 1997 anasewera mu Tomorrow Never Dies, filimu ya James Bond, ngati kazitape wa ku China wodziwa kudzimenyera yekha.

Kodi ankavulala zenizeni?

Eya, ankavulala. N'zoona kuti zambiri ndi zokonza. Magazi aja ndi utoto. Kuuluka kuja, munthu amakhala atamangidwa mawaya, anthu ena akukoka kuseri. Phokoso la zibakera amaliika pambuyo. Koma kugwa ndi kugwa ndithu, ndipo simenti ndi simenti.

Mu 1989, pojambula Devil Hunters, moto wa bomba unabuka osewera asanalumphe bwino pawindo. Akazi awiri, Moon Lee ndi Sibelle Hu, anapsa n'kugonekedwa m'cipatala. Michelle Yeoh anavulala kwambiri pojambula The Stunt Woman ya mu 1996, atalumpha kucokera pa mlatho n'kutera molakwika. Pojambula filimu ina ya mu 2000 anaduka mtsempha wa pabondo, anacitidwa opaleshoni, ndipo anabwerera kudzamaliza nchitoyo.

Conco mukaona ana akutengera zimenezi pabwalo, kulumpha kucokera pa nkhokwe kapena pamtengo, muwauze. Amene amacita zimenezi aphunzira zaka zambiri, pansi pamakhala poyalidwa, komabe amavulala.

N'cifukwa ciyani ambiri ankasowa msanga?

Mwina mwaona cinthu cimene cikubwerezabwereza m'nkhanizi: ukwati. Cheng Pei-pei, Hsu Feng ndi Michelle Yeoh onse anasiya kusewera atakwatiwa. Ku Japan kunali Etsuko Shihomi, mwini filimu wa Sister Street Fighter ya mu 1974. Nayenso atakwatiwa mu 1987 anasiya. Masiku amenewo anthu ambiri ankaona kuti mkazi wapabanja sayenera kumaoneka pa kanema.

Kwa amuna sizinali conco. Jackie Chan anakwatira Joan Lin, amene anali wosewera wochuka kwambiri ku Taiwan. Mkaziyo anasiya nchito, mwamunayo anapitiriza mpaka lero.

Cifukwa caciwiri ndi msinkhu. Mwamuna akakula ankapatsidwa mbali ya mphunzitsi kapena ya bwana wa zigawenga. Mbali zotere za akazi zinali zocepa. Cacitatu ndi msika. Ca pakati pa zaka za m'ma 1990 malonda a mafilimu a ku Hong Kong analowa pansi, ndipo anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, nchito inawathera.

Mibadwo itatu m'filimu imodzi

Mu 2000 kunatuluka Crouching Tiger, Hidden Dragon. Pa Cipwitikizi imachedwa O Tigre e o Dragão. Anaitsogolera ndi Ang Lee wa ku Taiwan, ndipo inalandira mphoto zinayi za Oscar, zimene ndi mphoto zochuka kwambiri za mafilimu ku America.

M'filimu imeneyi munakumana akazi a mibadwo itatu. Wamng'ono anali Zhang Ziyi, wobadwa mu 1979, amene anacokera ku sukulu ya zovina ku Beijing. Wapakati anali Michelle Yeoh, ndipo iyi ndi filimu ija anavulalira bondo. Wamkulu anali Cheng Pei-pei, namzeze uja wa mu 1966, tsopano ali ndi zaka zoposa 50. Ulendo uno anasewera ngati mdani, mayi wochedwa Jade Fox, amene anaba cinsinsi ca luso la nkhondo cifukwa mphunzitsi wina anakana kuphunzitsa mkazi. Onse atatu anayambira ku kuvina.

Cheng anagwirabe nchito mpaka atakalamba. Anaoneka mu Mulan ya mu 2020, ndipo anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 78. Michelle Yeoh, mu 2023, ali ndi zaka 60, analandira Oscar ya mkazi wosewera bwino koposa cifukwa ca Everything Everywhere All at Once. Anali mkazi woyamba wa ku Asia kulandira mphoto imeneyi. Kucokera pa Yes, Madam! panali patapita zaka 38.

Nanga kwathu kuno?

Akazi olimba pa masewero ife tili nawo, ngakhale si a pa filimu. Caka comwe cija ca 2000, Maria de Lurdes Mutola anapata mendulo yagolide pa mpikisano wa Olimpiki ku Sydney, pothamanga mamita 800. Iye anayamba ndi kusewera mpira ndi anyamata ku Maputo. Mu 2022, pa mpikisano wa dziko lonse wa nkhonya za akazi ku Istanbul, Alcinda Panguana anapata mendulo yasiliva, ndipo Rady Gramane anapata yamkuwa. Kwa anansi athu ku Zambia kuli Esther Phiri ndi Catherine Phiri, akatswiri a nkhonya.

Onsewa, a pa filimu ndi a pabwalo omwe, anayenda njira yofanana. Anapeza wowaphunzitsa, anabwereza cinthu cimodzimodzi kwa zaka, ndipo panali wina amene anawalola kupitiriza. Ngati pakhomo panu pali mtsikana wothamanga, wokonda mpira kapena wovina mwaluso, nkhani zimenezi mungamufotokozere.

Ulendo wina mukamaonera filimu yakale, kaya pa foni kaya kumsika, musadumphe poyambira paja pamene pamadutsa malemba. Pamenepo ndi pamene pali maina. Yesani kuwerenga. Mukaona Angela Mao, Kara Hui kapena Cheng Pei-pei, muuze amene mwakhala naye pa benchi kuti lero mwini filimu ndi ndani.

Mawu oti muwakumbukire

Kung fu: luso lomenyana ndi lodziteteza la ku China.

Wuxia: mafilimu ndi nthano za ku China za akatswiri a malupanga a makedzana.

Opera: zisudzo zokhala ndi kuimba. Za ku China zimakhalanso ndi kuvina ndi kumenyana.

Wotsogolera filimu: munthu amene amauza osewera ndi ojambula zocita.

Oscar: mphoto ya mafilimu imene imaperekedwa caka ndi caka ku America.

Mafunso okambirana ndi anzanu

1. Karate, kung fu ndi hapkido zinacokera maiko ati?

2. Kodi ndewu ya mu filimu ikufanana bwanji ndi gule wa ngoma?

3. Chulani akazi awiri amene anasiya nchito kenako n'kudzayambiranso. Anabwerera bwanji?

4. Nkhani ya My Young Auntie ndi yolimbirana cuma ca masiye. Kodi zotere zimacitika m'mudzi mwanu? Zimatha bwanji?

5. Kodi mkazi wa luso akakwatiwa azisiya luso lake? Inu mukuti bwanji?